Ladu wa Mchombo

Ana inu, sambani m'manja kaye, ndipo mafoniwo muwasiye pawindo apo. Iwe Tadala, usandiyang'ane ngati ndakulanda mpweya. Yamikani, kokera mpando kuno pafupi ndi mtondo, lero dzanja lako ligwira ntchito imene silinagwirepo chibadwire. Mwakhala mukundifunsa kuti zimatheka bwanji kuti gogo wa ku Chiradzulu, wosajomba kutchalitchi, aziphika zotsekemera za amwenye masamba akayamba kuyoyoka muno mu Kings Heath ku Birmingham. Lero ndikuuzani, koma ndiziyankhula manja akuyenda. Amene anandilera ankati nkhani ya munthu wopinda manja siipsa.

Uyu ali m'mbalemu ndi tchana. Ayi Tadala, si "chickpeas," m'nyumba muno ndi tchana. Tanena. Ehee, waona, lilime silinathyoke. Chimene tikupanga ndi ladu, timipira totsekemera ta ufa wa tchana wokazinga, shuga ndi mafuta a batala. Tchana uyu ndi waulesi, tamugula m'sitolo ya amwenye atakazingidwa kale, makoko atachotsedwa. Kale ntchito inkayambira pa tchana wouma gwa, wothyola mano. Ankamuwaza madzi n'kumuyanika pang'ono pamphasa, kenako ankatenthetsa mchenga wa kumtsinje m'chiwaya n'kumuthiramo. Wokazinga anali mchengawo, moto unkangothandiza. Ukamva akuthetheka ngati mbuliwuli, unkamusefa kuti mchenga uchoke, n'kumupukusa m'manja akadali wotentha, n'kupeta makoko m'lichero. Pomaliza zikhatho zili psuu. Inu mumangong'amba pepala la pulasitiki, mwati mwatopa.

Thira m'mtondomo, Yamikani, pang'onopang'ono. Usamenye ngati ukupha njoka. Munsi uli ndi kulemera kwake, iwe uzingouperekeza.

Mayi anga anamwalira mano anga a ubwana asanayambe kuguluka. Bambo anali atapita kumigodi ku Joni, ndipo zimene zinabwerako ndi jekete yawo ndi uthenga basi. Maliro a mayi atatha, achibale anakhala pansi kukambirana za mbuzi ndi makasu, ine ndili pakona kuwayang'ana pakamwa. Za ine anakamba pomaliza, aliyense akuyang'ana mnzake. Pamenepo agogo anga aNambewe, mayi a mayi anga, anaimirira, n'kumanga chitenje mwamphamvu, n'kunena kuti, "Mwanayu si khasu loti muzibwerekana. Ndikupita naye."

Tinakwera lole ya matumba a nandolo mpaka ku Limbe. Ndinafika tsitsi litafiira ndi fumbi, m'matako muli zidindo za nandolo. Tsiku lomwelo ndinaona sitima koyamba, ikufuka utsi ndi kukuwa, ndipo ndinalowa m'chitenje cha agogo osafuna kutulukamo. Inu mumakwera sitima kupita ku Selly Oak kwa achimwene anu a ku yunivesite, maso ali pafoni, osadziwa n'komwe kuti mwadutsa pamlatho.

Agogo ankagwira ntchito m'nyumba ya amwenye ena amene anali ndi sitolo ya nsalu. Kutsogolo kunali sitolo, pakati nyumba, kuseri bwalo la simenti, ndiye kachipinda kathu pafupi ndi mpopi. M'nyumbamo ankawaitana kuti Aya, kutanthauza wolera ana. Dzina loti Nambewe linkatsala m'kachipinda kathu, ankalivala madzulo akaweruka.

Ine m'nyumba ya eni sindinkaloledwa. Malire anga anali khomo la kukhitchini. Tinali ndi kapu yathu ndi mbale yathu, zokhala pazokha pansi pa mpopi, zosakhudzana ndi za m'nyumba. Musatuzule maso choncho. Sindikuti zinali bwino, ndikuti zinali choncho. Ndiye ndinadzipezera malo kuseri kwa mtondo waukulu umene unkakhala pabwalopo, wautali kuposa ine. Kuchokera pamenepo ndinkaona zonse za m'khitchini. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kuti pakamwa pamaitana milandu, koma maso sawaimba mlandu.

M'nyumbamo munali mtsikana dzina lake Hansa, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo. Agogo anayamba kumubereka kumsana ali wakhanda, ndiye chiyankhulo chathu anachitolera pamsana pomwepo. Ankayankhula ngati mwana wa ku Chiradzulu. Ngakhale kamawu kamene agogo ankakonda akadabwa, koti "Ogo, mwanawe!", kanali pakamwa pake. Usana wonse agogo anali a Hansa. Ndi amene ankamupesa tsitsi lalitali lija, kumudikirira pageti pochokera kusukulu, kumutonthoza akakalipiridwa. Ine ndinkalandira agogo otsala, otopa, onunkhira zokometsera za eni. Hansa akandipeza kuseri kwa mtondo ankawerama n'kunena kuti, "Iwe Chete, uli ndi lilime koma?" Ine duu. Dzina loti Chete linandimamatira pabwalo lonselo.

Waona ufawo, Yamikani? Tsopano mpatse Tadala asefe. Zotsala pamwamba pa sefa zibwerere m'mtondo. Ukachita ulesi apa, ladu amakhala ngati mchenga m'kamwa. Shuga nayenso timusinja akhale ufa, pamodzi ndi timbewu takuda ta m'makoko obiriwirawa. Amwenye amati elichi. Nunkhizani. Fungo limeneli kwa ine ndi Limbe yense.

Chaka chilichonse, nthawi ija dzuwa limaswa mtengo mvula isanagwe, amwenye ankachita chikondwerero chawo cha nyali chotchedwa Diwali. Sabata imeneyo agogo sankakhala pansi. Kukazinga, kusinja, kusefa, zonse zinali zawo. Analinso oyenga gi, ndiwo mafuta amene ali pamotowa, batala wosungunula mpaka madzi ake onse atha. Tcherani khutu. Mukumumva akulongolola? Batala akamayengedwa amayankhula kwambiri, ngati azakhali anu aja a ku Wolverhampton. Akangokhala chete, thovu lapita, pansi payamba kufiira, ndiye kuti wapsa. Palibe amene anandiuza zimenezi. Ndinkangoona kuti mphika ukati zii, agogo aimirira.

Koma kuumba ladu sikunali kwa agogo. Ankaumba aDona okha, mayi ake a Hansa. Chakudya cha chikondwerero chinkayamba chaikidwa pamalo awo opempherera, ndiye dzanja la wantchito silinkayenera kuchiumba. Ladu wa aDona ankatuluka wobulungira ngati ndimu, wosalala, onse ofanana ngati ana a mayi mmodzi.

Chaka china, kutatsala tsiku limodzi, aDona anapsa dzanja ndi mafuta otentha. Analikulunga nsalu mpaka m'chigongono. Ufa unali utasefedwa, gi atayengedwa, alendo akubwera mawa lake, ndipo azibale awo onse anali pa mapoto awoawo. Ndinawaona ataima pakhomo la khitchini, akuyang'ana beseni, akuyang'ana agogo, akuyang'ananso beseni. Kenako anati, "Aya, samba manja. Sopo zambiri. Iwe panga."

Agogo anasamba mpaka m'mapewa. Anakhala pansi, anathira gi wotentha mu ufa, anasakaniza, n'kuyamba kuumba. Ankachita mwaulemu, nkhope ili ngati ali m'tchalitchi. Koma ana inu, dzanja lili ndi nzeru zake. Dzanja la agogo linali litadya nsima moyo wonse. Mukudziwa mmene timachitira, kutema, kuviringa m'chikhatho, kenako chala chachikulu n'kudinda pakati kuti pakhale potungira ndiwo. Ndiye agogo akaviringaviringa ladu, chala chija chokha dii pakati, iwo osadziwa. Thireyi yonse inadzaza, ladu aliyense ali ndi kadzenje kake.

ADona atabwera anagwira mutu ndi dzanja labwinolo. "Aya! Ichi chiyani? Ladu bowo ayi!"

Agogo anayang'ana thireyi ngati waumba ndi munthu wina. Anayesa kukonza mmodzi, koma ladu akazizira sabwereranso, ukamukakamiza amangofumbutuka. Panalibe ufa wina, panalibe nthawi. Ine kuseri kwa mtondo ndinkaganiza za lole ya nandolo, kuti mawa tikwera yobwerera. Pamenepo Hansa analowa, anayang'ana, n'kugwa pansi ndi phwete. "Ogo, mwanawe! Ladu ali ndi mchombo!"

Anathamanga kukatenga mphesa zouma, n'kuika imodziimodzi m'kadzenje kalikonse. Mawa lake alendo ankafunsa aDona kuti kaumbidwe katsopanoka kachokera ku India liti. ADona ankangomwetulira. Chaka chotsatira dzanja linali litapola, anabwerera kuumba okha. Koma Hansa anakana kudya. Anati akufuna wa mchombo. Kuyambira pamenepo, Diwali iliyonse panali mbale ziwiri, yaikulu ya aDona ya alendo ndi mapemphero, ndi yaing'ono ya Aya, ya Hansa yekha.

Tadala akufunsa ngati ankakoma. Sindikanadziwa, mwanangu. Ine ladu sindinamulawe. Agogo sankatenga chimene sanapatsidwe, ndipo palibe amene anaganiza zopatsa mwana wa kuseri kwa mtondo. Changa chinali ufa womatirira kumunsi, ndinkaunyambita agogo akatembenuka.

Kenako zinafika zaka zija amwenye ambiri ankalongedza katundu kubwera kuno ku Mangalande. Sitolo ya nsalu inatsekedwa. Hansa anali atakwatiwa kale, koma anabwera kudzatsanzika. Analira mpaka chitenje cha agogo chinanyowa paphewa. Potuluka anandiona n'kunena kuti, "Tsala bwino, Chete." Ine ndinagwedeza mutu. Agogo anabwerera ku Chiradzulu kukalima, ine ndinapita kumishoni kukaphunzira unamwino. Kumeneko ndi kumene ndinazindikira kuti kukhala chete ndi ntchito. Wodwala amanena zambiri ndi mpweya wake, ndi mmene wagonera, ndi mbale imene wabweza. Wolongolola zimenezi zimamudutsa.

Ndinakwatiwa ndi agogo anu aamuna, amene ankayankhula zokwanira anthu awiri, ndiye m'nyumba munali bwinobwino. Agogo aNambewe anamwalira atanyamulako mayi anu Tiyamike ali wakhanda. Patapita zaka agogo anu aamuna nawonso anatisiya, ndipo ine ndinabwera kuno pamodzi ndi anamwino anzanga, nthawi imene zipatala za kuno zinkatifuna. Anzanga anadzaza masutikesi ndi nsapato. Ine ndinasiya nsapato n'kulongedza kamtondo aka, chifukwa ndinamva kuti kuno nsinjiro kulibe. Pabwalo la ndege mzungu wina anakatembenuzatembenuza n'kundifunsa ngati ndi ng'oma. Ndinati eya. Kufotokoza kukanatenga tsiku.

Zaka zonsezo, mashifiti onsewo, ladu sindinamupangepo, ndipo nkhani ya Limbe sindinauzeko munthu, ngakhale mayi anu. Sikuti ndinkabisa. Palibe amene anafunsa.

Ndiye chaka china posachedwapa, nditapuma kale pantchito, masamba akuyoyoka ngati leromu, mayi anu anandiimbira kuchokera kuchipatala chimene amagwira ku Nuneaton.

"Amayi, muli busy mawa?"

"Wopuma pantchito amatanganidwa ndi chiyani, kuyang'ana mabasi?"

"Kuwodi kwathu kuli agogo ena achimwenye. Anachita sitiroko. Chizungu chonse chathawa, chatsala chimwenye pang'ono ndi Chichewa. Chichewa chenicheni, Amayi, cha kumudzi, ine mawu ena akundidutsa. Koma vuto ndi loti sakudya. Kumeza amameza, tinawayeza. Akungokana basi. Akutha tikuona. Madokotala ayamba kukamba zoika chubu m'mphuno, koma ukangowayandikira nacho amamenya. Mwana wawo wavomera kuti mubwere mudzacheze nawo, mwina inu angakumvereni."

"Iwowo akuti akufuna chiyani?"

"Ndiye pamene pavuta. Pakamwa panapotoka, mawu sakutuluka bwino. Mwana wawoyo akuti akumva chombo. Anafufuza pafoni, yamuuza kuti ndi sitima ya pamadzi, ndiye akungolira kuti mayi ake akutsanzika, akufuna ulendo. Mnzanga uja wa ku Mangochi akulimbikira kuti ndi chambo, koma anthuwa nsomba sanadyepo chibadwire. Ine ndinamva mchombo. Tinawapima pamimba ponse, mpaka sikani. Palibe kanthu."

Ana inu, ndinakhala pansi pampando umene wakhalapo Yamikaniwo. Ndinafunsa dzina.

"Amayi, mukudziwa kuti pafoni sindingatchule."

"Usatchule. Ndibwera."

Musadabwe kwambiri. Theka la Limbe wa nthawi imeneyo linasamukira m'madera muno, ku Leicester, ku Coventry, kuno ku Birmingham. Takhala tikupondana mapazi m'mabasi osadziwana.

Pakhomo la wodi ndinapeza bambo wamtali wa imvi m'mbali, maso ofiira. Anali mwana wa wodwalayo, dzina lake Nilesh, wobadwira konkuno. Chichewa chake chonse chinali "zikomo," ndipo anandipatsa chonsecho nthawi imodzi. Anandionetsa mabokosi a zotsekemera ataunjikana pakatebulo, zogula m'masitolo otchuka a amwenye, zina zokutidwa ndi siliva. Anati, "Auntie, I've tried everything."

Pabedi panali kagogo kakang'ono, tsitsi loyera mbuu, mikono ngati timitengo ta chinangwa. Anali Hansa, koma pamsewu sindikanamuzindikira. Ndinayandikira n'kunena kuti, "Muli bwanji, mayi?"

Anatsegula maso pang'onopang'ono. "Ogo, mwanawe! Wachedwa kuti?"

Ine ndaona zambiri m'zipatala, sindigwedezeka wamba. Koma tsiku limenelo ndinagwira chitsulo cha bedi. Mawu aja, kakwezedwe kake, kakokedwe kake, anali agogo anga. Munthu amene tinamuika m'manda ku Chiradzulu kalekale ankayankhula m'kamwa mwa mmwenye ku Nuneaton.

"Ndabwera. Mukufuna chiyani, mayi?"

Anakankha bokosi limodzi ndi dzanja labwinolo. "Awa ngabodza. Ndifuna ladu wa mchombo. Aya apange."

Ndinatuluka naye Nilesh pakhonde n'kumuuza kuti apukute misozi, mayi ake safuna chombo, sakupita kulikonse, ali ndi njala. Ndinafunsa mayi anu za shuga wa m'magazi, chifukwa unamwino suchoka m'thupi. Anakafunsa adokotala, iwo anati chilichonse chimene angadye, abweretsereni. Nilesh anandigwira dzanja n'kufunsa ngati ndimadziwa kapangidwe kake. Ndinati ndimadziwa. Ndinali ndisanaumbepo ngakhale mmodzi, koma silinali bodza. Maso anga anali ataumba ambirimbiri.

M'sitima pobwerera ndinakumbuka kapu ija ya pansi pa mpopi. Ndinadzifunsa kuti, kodi nditakalamba chonchi, ndi mapepala anga onse a unamwino, ndikasinjirenso nyumba ija? Yankho linabwera tisanalowe mu Birmingham. Amene ankaitanidwa pabedi paja sindinali ine, anali Aya. Ndipo Aya sanasiyepo mwana ndi njala, wake kapena wa eni. Poti iwo sakanatha kubwera, wotsala ndinali ine.

M'mawa mwake ndinayamba kusinja m'khitchini muno. Sipanatenge nthawi, bambo wachizungu wa khomo loyandikana nalo anagogoda, kufunsa ngati boyila yanga yotenthetsera madzi yawonongeka. Ndinamuonetsa mtondo. Anapempha kuti ayeseko, anamenya kawiri, tchana n'kuwulukira m'sinki, n'kubwerera kwawo akupepesa. Ndinasefa, ndinasinja shuga ndi elichi, ndinadikira batala mpaka atasiya kulongolola. Zonse zinayenda monga ndinkazionera. Koma nditati ndiumbe, ufa unakana. Ndikafinya, ndikatsegula dzanja, fumbu! Ndikafinyanso, fumbu! Beseni lonse linali ngati dothi la m'chilimwe.

Sindinathamange kuwonjeza mafuta monga akanachitira mayi anu. Ndinakhala pansi, n'kutseka maso, n'kubwerera kuseri kwa mtondo uja kuti ndione chimene ndasiya. Ndinaona agogo, beseni, thireyi, simenti. Kenako ndinamva simentiyo ikuotcha mapazi anga. Ndi pamene ndinaseka ndekha. Chimene chinkasowa m'khitchini muno si chinali cha m'sitolo ayi, linali dzuwa la ku Limbe. Kumene kuja Diwali imagwa m'ng'amba yeniyeni, beseni la agogo linkakhala lotentha lokha. Kuno imagwa chisanu chitayamba. Gi wanga ankazizira asanagwire ufa.

Ndinatseka windo, ndinakhazika beseni pamwamba pa poto wa madzi otentha monga tachitira apamu, ndinafunditsa ufa wonse, n'kutenthetsanso gi. Ndinaumba zikhatho zikuwawa. Anagwira. Ndili mkati moumba ndinayamba kuda nkhawa ndi mchombo uja, kuti kodi ndidinde mozama bwanji, ndi mbali iti ya chala, kuti afanane ndi wa agogo. Nditayang'ana pathireyi, onse amene ndinali nditaumba anali nawo kale mchombo. Dzanja linali litamaliza nkhaniyo mutu ukadali pamsonkhano.

Ndinafika kuwodi madzulo a tsiku lomwelo, ladu m'kabakuli, mphesa zouma m'kathumba pambali. Nilesh analipo. Mayi anu anabwera n'kuyamba kukonza diripi imene inalibe vuto lililonse. Ndinaika ladu awiri pambale n'kuyandikiza. Hansa anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatukula dzanja labwino lija, n'kulowetsa chala chake chachikulu m'kadzenjemo, ngati munthu woyesa kiyi pachitseko cha kwawo.

"Mphesa ili kuti?"

Ndinamupatsa. Anaiika yekha pamchombo. Analuma. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali otseka, ufa ukugwera pachibwano. Anameza. Analumanso. Nilesh anatembenukira kuwindo, mapewa akugwedezeka. Mayi anu anaiwala diripi ija.

Atamaliza woyambayo anandiyang'ana bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka m'manja.

"Iwe si Aya."

"Ayi. Anamwalira kalekale."

"ANambewe," anatero, akulikoka dzinalo ndi ulemu wake wonse. Ine zaka zonsezo ndinkayesa kuti m'nyumba muja munalibe amene ankalidziwa. Anandiyang'anabe, kenako mbali yabwino ya pakamwa inamwetulira. "Ndiye iwe ndiwe Chete. Wa kuseri kwa mtondo. Uli ndi lilime koma?"

"Ndili nalo."

"Ndiye idya."

Anakankhira mbale kwa ine, mbale yomweyo imene ankadyeramo iye. Ndinatenga ladu wachiwiriyo. Ana inu, ndinali ndi imvi, ndili ndi zidzukulu, pamene ndinalawa koyamba chinthu chimene ndinakulira ndikuchinunkhiza. Amayamba ngati wouma, kenako amasungunuka yekha palilime, tchana wokazinga kutsogolo, batala pambuyo, elichi n'kutsalira m'mphuno. Ndinatafuna, iye akundiyang'anira ngati ndine wodwala.

"Shuga wachepa," anatero. "Aya ankathira wambiri."

"Aya sanali namwino," ndinamuyankha.

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kupempha tiyi. Mawa lake anadya phala. Chubu chija chinabwerera m'kabati osagwira ntchito.

Pano Hansa amakhala kunyumba yosamalira okalamba kufupi ndi kwa Nilesh. Chizungu sichinabwerere chonse, ndipo mutu umapita n'kubwera. Masiku ena amanditchula Chete, masiku ena amanditchula Aya. Onse awiri ndimavomera. Ndiye mukamaona ndikutulutsa mtondo masamba akamayoyoka, dziwani kuti Diwali yayandikira ndipo mbale yaing'ono ija ikudikiridwa. Lero mupita nane, akakumveni mukupereka moni. Mukayankhe m'Chichewa, chifukwa chake n'chabwino kuposa chanu, musakandichititse manyazi pamaso pa mmwenye.

Tamverani. Poto wati zii. Sunthani manja ndithire. Sakanizani ndi supuni kaye, kenako tengani akadali wotentha. Akuotcha? Eya, aziotcha, akazizira mwachedwa. Finya, Yamikani, viringa m'chikhatho. Ehee, taona wako! Sindinakuuze n'komwe, mchombo uwo. Ukamadya nsima ndi manja kwa gogo, anzako amakuseka, lero yakulipira.

Nanga iwe Tadala, wa foloko ndi mpeni, tione. "Mine's perfect," wati? Wobulungira ngati ndimu, wosalala, inde. ADona akanakukonda. Koma kumene tikupita akamukankhira kumbali ameneyo, akati ngwabodza. Bwera nacho chala chachikulucho. Pakati apo. Usaope, saphwanyika, akadali wofunda. Dinda.

Basi. Ameneyo ndi wa aNambewe. Tenga mphesa m'kabati, koma usaziike, amafuna kuika yekha. Valani majekete, tisakafike n'kufunsidwa kuti tachedwa kuti.